Kashopu kokonza ma drill ku Jules Street: ntchito ndi yabwino koma mupite ndi mtima wodikira

Anzanga a maganyu amene muli ndi ma drill akale a chingwe aja amene ayamba kuthetheka moto kapena kumangozima okha pakati pa ntchito, musathamangire kutaya kaye. Pali kashopu kena kuno ku Joni, mu Jules Street mbali ya ku Jeppe musanafike ku Malvern, kamene kandikonzera yanga ndipo ndati ndilembe zabwino zake ndi zoipa zake zomwe kuti wina akamapitako azidziwiratu. Dzina sinditchula, ndi kachipinda chabe pakati pa mashopu a masipeyala a galimoto amene adzadza mumsewu umene uja, pakhomo pake pamakhala ma grinder ndi ma drill okufa ataunjikidwa mu kreti, mukangoona zimenezo dziwani kuti mwafika.

Drill yangayo ndi ya hammer, ija imamenya ikamaboola khoma, ya 13mm, yachikale zedi moti dzina la kampani linafufutika kalekale, chatsala ndi kapepala ka mawatsi kokha nakonso kakuwerengeka movutikira. Ndinaigula kwa mkulu wina amene amabwerera kumudzi atatopa nayo Joni. Vuto lake linali loti ukaidina imalira bwinobwino kenako nkudukiza, uigwedeze iyambenso, kumbuyo kuja kumene kumatulukira mphepo kukuoneka moto wambiri komanso kafungo kakupsa. Kuonjezera apo chuck, kamutu kogwira kachitsulo koboolera kaja timati bit, inali itayamba kuvina, ukamaboola thailosi bit imayenda mozungulira mmalo moima pamodzi, nde mukudziwa okha kuti bwana akaona thailosi yake yangʼambika amachotsa pa malipiro ako osakufunsa nkomwe.

Amene amakonza ndi mdala wina wa ku Tete, Chinyanja amamva bwinobwino olo kuti amasakaniza ndi Chinyungwe chake ndi Chizulu cha mumsewu, nde kwa ife a ku Malawi sitivutika kufotokoza. Mwini shopu ndi wina, iyeyo amangokhala pa kauntala kulandira ndalama. Chimene chinandisangalatsa koyamba nchoti mdalayo sanangolandira drill nkuti bwerani mawa ayi, anaitsegula ine ndili pompo ndikuona ndi maso anga. Enatu kuno amalowa nayo kuseri nkubwera kudzakuuza kuti armature, gawo lozungulira la mota, yapsa pamene vuto ndi waya mmodzi, iwe nkulipira ndalama zogulira ina. Awawa anayamba ndi chingwe, anaidina drill kwinaku akupinda chingwe pamene chimalowera mu chogwirira paja ndipo pompo inazima, atachiwongola inayambanso. Anangoti achimwene, matenda oyamba ndi awa, waya waduka mkati. Chingwe chimathyokera pamenepaja chifukwa ndi pamene chimapindika tsiku ndi tsiku makamaka ife amene timachikulunga mothinitsa pa drill pomwepo tikaweruka, kapena kunyamula drill pogwira chingwe potsika pa makwerero. Mankhwala ake ndi kudula kachidutswa kowonongekako nkulumikizanso ku swichi, sikuti mpaka chingwe chatsopano. Changa anadula pafupifupi chikhatho chimodzi basi.

Kenako anachotsa mabulashi a kaboni awiri aja. Apa ndichedwepo pangʼono chifukwa ma drill ambiri amene anthu amataya amakhala afera pamenepa. Mota ya drill ya chingwe ili ndi gawo lozungulira limene amati armature, kumapeto kwake kuli timizere ta kopa tozungulira, commutator, ndipo magetsi amafika pa timizereto kudzera mu timakala tiwiri timene timakankhidwa ndi sipulingʼi. Timakalato timakhuzika nthawi zonse drill ikamazungulira nde timatha, ndi mmene anazipangira, si kuwonongeka ayi. Tikafupika sipulingʼi imalephera kukankha mokwanira, kaboni imayamba kudumphadumpha, moto nkumathetheka, ndipo motowo ndi umene umadzawotcha kopa uja ukaulekerera. Anga anali atatsala kachidutswa kochepa kwambiri, limodzi litapsa mbali imodzi. Mdala anati akafika cha mma 5mm kapena 6mm uzisintha osadikira, ndipo uzisintha onse awiri olo lina likuoneka lalitali. Ma drill ena a Makita ndi Bosch mabulashi ake amakhala ndi kanthu mkati kamene kamatulukira kaboni ikatha nkuimitsa makina kuti armature isawonongeke, nde munthu wosadziwa amaona ngati drill yafa mwadzidzidzi pamene yangodziteteza yokha. Mukaona drill yoteroyo ikugulitsidwa motchipa ngati yakufa muziyamba mwasuzumira mabulashi.

Commutator yanga inali yakuda bii. Anaipukuta ndi sandipepa wosalala kwambiri akuizunguza ndi dzanja mpaka kopa anayamba kuwala, kenako anatenga kachitsulo kosongoka kumachotsa fumbi la kaboni mu timipata ta pakati pa timizere tija, akuti fumbi limenelo limadutsa magetsi nde likadzadza limalumikiza timizere tosayenera kukhudzana. Anandichenjezanso kuti ndisamagwiritse emery pamenepo poti mchenga wake ukatsalira umachita zomwezo. Atatha anatenga mita nkumayeza kamzere kalikonse ndi kanzake koyandikana nako kuzungulira konse, nambala zimayenera kufanana, pena pakasiyana kwambiri ndiye kuti waya wa mkati wapsa kapena waduka. Anayezanso pakati pa kopa ndi shafti, pamenepo sipayenera kudutsa kalikonse. Yanga inapambana mayeso onse ndipo ndinapuma, chifukwa armature ndiye mtima wa drill, ikapsa pa drill yopanda dzina ngati yangayi kupeza ina nkovuta, ndipo olo itapezeka mtengo wake umakufikitsa pafupi ndi drill ina ya sekondi handi ku Cash Crusaders kapena Cash Converters. Mdala analankhula mosabisa kuti ikanakhala armature akanandiuza kuti ndisataye ndalama. Munthu wofuna ndalama zako sangalankhule choncho.

Njira yosavuta yoonera wekha, malinga ndi mmene anandionetsera, ndi kusuzumira mu timipata ta mphepo drill ikulira. Timoto tingʼonotingʼono ta buluu pansi pa bulashi nzabwinobwino, drill iliyonse ya mabulashi imatero. Koma moto ukamazungulira commutator yonse, drill nkumalira mokakamira yopanda mphamvu, zimitsani pompo, imeneyo si nkhani ya mabulashi okha.

Ku giya kunali manyazi. Girisi anali atauma gwa ngati mkute wa nsima, wakuda, atasakanikirana ndi fumbi la simenti, magiya amangozungulira owuma pakati girisiyo atakakamira mmbali. Anakokolola yense, kutsuka ndi parafini, kuumitsa nkuika watsopano, koma osadzadza bokosi lonse, akuti ukadzadza girisi amasowa kothawira nde amatentha nkuyamba kutulukira ku chuck kapena kulowa ku mota. Ndinawafunsa za Q20, mafuta opopera aja amene tonse timawakonda kuno, anaseka, anati Q20 ndi womasulira dzimbiri ndi kupukutira chuck kunja, ukamupopera mu giya amasungunula girisi yense nkutsala zitsulo zokhazokha zikudyana. Ndikudziwa anthu ambiri amene amapopera Q20 mu timipata ta mphepo drill ikayamba kulira moipa, amaona ngati ayithandiza pamene akungomata fumbi pa mota.

Beringʼi yakumbuyo kwa armature inali ikukhulukuta ukaizunguza ndi chala, anaisintha. Nambala yake inali 608, yofala zedi, 8mm mkati 22mm kunja, imapezeka ku BMG kapena shopu iliyonse ya maberingʼi. Ichi ndi chimene chimandikondetsa ma drill akale, zambiri za mkatimo si za kampani imodzi ayi, beringʼi ili ndi nambala yake yolembedwa pambali, ukangoiwerenga umakagula kulikonse. Pa nambalapo pakalembedwa 2RS ndiye kuti ndi yotseka ndi labala mbali zonse, ZZ ndi yotseka ndi kachitsulo, ndipo pa ntchito ya fumbi ngati yathuyi mdala amakonda ya labala.

Chuck ndiye inatenga nthawi. Kwa amene simunachotsepo, mkati mwa chuck mukaitsegula mpaka mapeto mumakhala sikuluwu imodzi ndipo imeneyo mazinga ake ndi obwerera, umamasula potembenuzira mbali imene masikuluwu ena umamangira. Anthu ambiri amaidya mutu chifukwa chosadziwa, amakakamira kumasula pamene akumangitsa. Ikachoka umamanga Allen key yaikulu mu chuck nkuimenya ndi hamala kuti chuck imasuke pa shafti, iyoyo mazinga ake ndi a masiku onse. Ma drill akale kwambiri opanda rivesi ena sakhala nayo nkomwe sikuluwu ya mkatiyo. Ma chuck ambiri a 13mm mazinga ake ndi ofanana, aja amalemba kuti 1/2-20 UNF, nde yolowa imapezeka ndithu, anandiikira ya kiyi osati yomanga ndi dzanja. Ine ndimakonda ya kiyi pa hammer chifukwa imagwira bit molimba, zomanga ndi dzanja zotchipa zija zimamasuka ukamamenya khoma. Kiyiyo ndaimangirira pa chingwe ndi labala ya chubu, koma kufupi ndi pulagi osati kufupi ndi drill, kuti ndikafuna kusintha bit ndizikakamizika kuzula pulagi kaye.

Zonse pamodzi, mabulashi, beringʼi, chuck, girisi ndi ntchito ya manja ndinalipira R480. Kwa ine ndi mtengo wabwino poona kuti chuck yokha inatenga gawo lalikulu. Kuyangʼana kokha sanandilipiritse, koma mwini shopu anati ukakana kukonzetsa atatsegula kale pamakhala kandalama kochepa, nde mufunsiretu asanagwire sikuludiraiva.

Tsopano zoipa zake, poti zilipo ndipo sindingazibise. Choyamba ndi kuchedwa. Anandiuza kuti Lachisanu ikhala yatha, ndinakwera tekisi kuchokera ku Rosettenville kudzera mtauni, ndikupeza drill ili chimasulire mu kontena ya ayisikilimu, akuti chuck sinabwere. Foni yawo imangoitana osayankhidwa, pa WhatsApp timizere tiwiri ta buluu koma yankho zii. Munthu wa maganyu tsiku lopanda drill ndi tsiku lopanda ndalama, pa geti pa Builders, shopu ya zomangira ija, bwana akaima amafunsa kaye ngati uli ndi zida, ukati ndilibe amatenga mnzako wapambali. Ndinachita kubwereka ya mlamu wanga, ndipo nonse mukudziwa mmene kubwereka chida kwa mlamu kumakhalira, foni ola lililonse kufunsa ngati ikadali moyo. Nde ngati muli ndi ntchito yothina sabata imeneyo musapititse, dikirani sabata yopepuka.

Chachiwiri, mabulashi amene anaika si a kampani, ndi ongofanana nawo amene anachita kupala ndi fayilo kuti alowe mu kanyumba kake. Pa drill yanga yopanda dzina panalibe kuchitira mwina ndipo anandiuza poyera, koma ndinaona kuti akuchitanso zomwezo pa Makita ya munthu wina pamene mabulashi a Makita ali ndi nambala zake zoyamba ndi CB ndipo amapezeka mmashopu a zida. Kaboni imasiyana kulimba, ina yolimba kwambiri imadya kopa, ina yofewa imatha msanga. Ngati yanu ili ndi dzina ndi nambala ya model, bola mukagule nokha enieni mupite nawo.

Chachitatu ndi risiti. Sapereka pokhapokha uchite kufunsa, ndipo amalandira kashi yokha. Ine ndinaumirira mpaka mwini shopu analemba pa kabuku kake zimene asintha ndi deti. Anzanga ambiri timaopa kufunsa zinthu ngati izi poti ndife alendo mdziko la eni, koma lamulo la ogula la kuno, Consumer Protection Act ya 2008, limanena kuti sipeya yatsopano kapena yokonzedwanso imene aika pokonza chinthu, pamodzi ndi ntchito yoiikayo, ili ndi chitsimikizo cha miyezi 3. Limanenanso kuti zimene achotsa ndi zako uyenera kubwezeredwa. Popanda kapepala udzayambira pati ikadzafanso patatha sabata? Zakale zanga anandipatsa mu kapulasitiki nditafunsa, sanakane. Pakhoma palinso chikalata choti katundu amene sanatengedwe patapita miyezi 3 amamugulitsa, nde amene mumapita kumudzi pa Khrisimasi nkukachedwa kumeneko muzikumbukira. Malowonso ndi osokonekera, zida za anthu zili mbwee pa tebulo limodzi, ine ndinajambuliratu drill yanga pa foni ndi kulemba chizindikiro mkati mwa chogwirira. Ndipo foniyo muziyendera nayo mthumba mumsewu umene uja, amene mwakhalitsa Joni simufunika kuuzidwa.

Chimene sindingaiwale kwa mdala uja ndi chenjezo la ma drill a thupi la chitsulo. Mu kretimo munali ina yakale kwambiri ya aluminiyamu yense, yolemera, ndinaisirira. Anati achimwene izi nzolimba kuposa zamasiku ano koma zimafuna chingwe cha mawaya atatu, waya wa earth uja wobiriwira ndi chikasu ukhale wolumikizidwa ku thupi lake ndi ku phini yaikulu ya pulagi. Ukaika chingwe cha mawaya awiri, tsiku limene waya wa moto udzakhudze chitsulo mkati magetsi onse 230V adzadutsa mmanja mwako. Zapulasitiki zimene zili ndi chizindikiro cha kabokosi mkati mwa kabokosi kanzake ndi zija zotetezedwa kawiri, zimenezo mawaya awiri ndi okwana. Nyumba za mabwana zimakhala ndi earth leakage pa bokosi la magetsi lija, DB, imene imagwetsa magetsi pakavuta, koma mmikhukhu ndi zipinda zakuseri zimene ambirife timakhala magetsi amachita kukokedwa ndi waya kuchokera kwina, palibe chokuteteza. Osayesera drill ya chitsulo kumeneko uli chosavala nsapato pa simenti yonyowa.

Anandiuzanso zoti ndizichita ndekha kuti ndisamabwerebwere, zimene zinandidabwitsa poti akudzichotsera yekha kasitomala. Fumbi ndiye mdani wamkulu, makamaka ukamaboola denga la konkire drill itayangʼana mmwamba, lonse limagwera mu chuck ndi mu timipata ta mphepo, nde uziipemerera ndi kompuresa ukaweruka, ndipo osatseka timipatato ndi dzanja pogwira. Fani yoziziritsa ili pa shafti ya armature yomweyo, kutanthauza kuti ukamaiyendetsa pangʼonopangʼono kwinaku ukuikanikiza mwamphamvu, monga pokandira simenti ya mathailosi kapena ndi hole saw yaikulu, imatentha kwambiri mphepo ili yochepa. Ikatentha osangoigoneka pansi, ichotse pa ntchito uiyendetse yopanda katundu pa liwiro lonse kwa kanthawi kuti fani iuzire. Mabulashi atsopano nawonso amafuna uiyendetse kaye chabe kwa mphindi zingapo kuti akhazikike pa kopa. Ekisitenshoni yayitali ya waya woonda imafoola drill, ndipo ija yokulunga pa gudumu uziitambasula yonse apo ayi imatentha. Nyengo ya mvula ija ya mabingu a masana osaisiya pansi mu mkhukhu, chuck imachita dzimbiri usiku umodzi.

Anawonjezera kuti drill ya hammer wamba tisamaizunze pa ntchito ya SDS, drill ija yoboolera konkire. Hammer ya drill ngati yangayi ndi timbale tiwiri ta mano timene timadumphana, nkokwana pa njerwa ndi pulasitala, koma pa lintel kapena silabu ya konkire umangokanikiza mpaka thukuta bit nkufiira, mano aja nkutha, beringʼi yakutsogolo nkuphwasuka. SDS ili ndi pisitoni mkati imene imamenya yokha. Ngati ntchito zako zambiri ndi za konkire, monga kuika mabagala ndi mageti, sunga ndalama ugule SDS, yakaleyo izigwira za matabwa, zitsulo ndi njerwa.

Ena munena kuti bwanji osangogula ya batire poti ndi imene ili mu fasho, ndipo nthawi imene load shedding inavuta ija ya batire inapulumutsa anthu ambiri, sindikukana. Koma batire ikafa, ndipo imafa ndithu, mtengo wake umaluma, ndipo zakale za NiCd zija mabatire ake akusowa. Ya chingwe ukaisamala imangofuna makala awiri ndi girisi mwa apo ndi apo. Kwa amene mukuganiza zotumiza kumudzi pa transipota, ya chingwe ndiye yabwino zedi, magetsi a ESCOM ndi a kuno ndi ofanana, 230V pa 50Hz, chosintha ndi pulagi yokha, kuno ndi ya maphini atatu ozungulira, kwathu ndi ya maphini amakona ya 13A yokhala ndi fyuzi. Musatumize ndi adaputa zotchipa zija, zimasungunuka, ingodulani muike pulagi yeniyeni, waya wa bulawuni ku moto, wa buluu ku neutral. Muikemonso mabulashi ena apadera mu katoni momwemo poti amisiri a ku Ndirande kapena ku Mchesi kusintha amatha bwinobwino koma saizi yake mwina sangaipeze msanga.

Yanga chiitengereni yagwira kale ntchito ya makabati a kukhitchini ku Turffontein ndi kupachika ma TV angapo, sikudukizanso, fungo lija linatha, thailosi ikubooleka bwino bit osavina. Kulira kwake kwasinthanso, kukhulukuta kuja kulibe. Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, imodziyo ndachotsa chifukwa cha foni yosayankhidwa ndi ndalama za tekisi zimene ndinataya Lachisanu lija. Grinder yanga nayo swichi yayamba kukakamira nde ndidzapita nayo komweko mwezi ukatha, koma swichiyo ndikagula ndekha ndipo ndikapita mmawa pakati pa sabata pamene mdala amakhala alibe anthu ambiri, Loweruka kumadzadza moti sangakutsegulire uli pompo.